Kapuku ndi paini pa malo amodzi: tiziyerekeze bwanji m'munsi mwa phiri la Zomba?

Mlembi wa komiti, mbali ya ku Domasi:

Moni kwa nonse, akuluakulu ndi amayi a pabwalo lino. Ndine mlembi wa komiti yoyang'anira zachilengedwe m'mudzi wina umene uli m'munsi mwa phiri la Zomba. Mudzi wathu uli ndi malo otsetsereka omwe sitilimapo chifukwa cha miyala, ndipo amfumu atilola kuti tidzalepo paini m'nyengo yodzala mitengo ikubwerayi. Vuto ndi lakuti malo omwewo ndi amene anyamata amasakako mbewa chaka chilichonse tikatha kukolola, makamaka akapuku ochokera m'minda yoyandikana nawo, ndipo makolo ena akukana ganizo la paini ponena kuti tikufuna kulanda ana ndiwo za lero pofuna matabwa amene ambiri a ife sitidzawaona.

Ena m'komiti akuti kuyerekeza mbewa ndi mtengo n'kutaya nthawi chifukwa zinthuzi sizifanana m'pang'ono pomwe, koma ine ndikuona kuti popeza zonse ziwiri zikulimbirana malo amodzi, sitingachitire mwina koma kuziika pambali ndi pambali ndi kuziyang'ana bwinobwino. Ndikupempha amene akudziwa atifotokozere mmene kapuku ndi paini amakulira ndi kuchulukira, chimene chimachitikira aliyense wa iwo moto ukadutsa, komanso ngati n'zotheka kuti anyamata apitirize kupeza mbewa pamalo pamene padzalidwa paini. Ndikufuna mayankho amene ndingakawerenge pamsonkhano wa mudzi popanda wina kunena kuti ndakondera.

Wopuma pantchito ya zankhalango, ku Matawale:

Bambo mlembi, funso lanu ndi lomveka, ndipo ndiyamba ndi mtengo chifukwa ndi umene ndinagwira nawo ntchito. Paini amene ambiri timamuona pamwamba pa phiri la Zomba, wa masamba onga singano olendewera pansi atatuatatu pa kamtolo kamodzi, ndi Pinus patula, ndipo kwawo kwenikweni ndi kumapiri a ku Mexico. Ndi mtundu womwewo umene unadzalidwa kwambiri ku Chikangawa pa Viphya, m'nkhalango ya mahekitala pafupifupi 53,000. Mtengowu umakonda malo okwera, ozizira ndiponso a mvula yambiri, motero musanagule mbande muyambe mwadziwa kuti malo anu ali potalika bwanji. Nsonga ya phiri la Zomba yotchedwa Malumbe imapitirira mamita 2,000, pamene tawuni ya Zomba ili cha m'ma 900, ndipo kumunsi koteroko patula sakula mokondwa ngati pamwamba. M'malo otsika ndi otentherapo, Pinus kesiya kapena Pinus oocarpa ndi amene amachita bwino. A ku FRIM, bungwe lofufuza zankhalango lomwe lili mu Zomba momwemuno, ndiponso a ku ofesi ya zankhalango ya boma angakuuzeni mtundu woyenera malo anuwo.

Pa nkhani ya nthawi ndi pamene kusiyana kwagona. Mbande ya paini imakhala miyezi ingapo m'chubu ku nazale isanawokeredwe, ndipo dothi la m'chubulo limasakanizidwa ndi lina lotapa pansi pa paini wakale, chifukwa mizu ya paini imadalira tibowa tina tokhala m'nthaka kuti izitha kuyamwa chakudya. Popanda tibowato mbande imachita chikasu n'kupinimbira. M'nkhalango za boma tinkadzala motalikirana mamita 2.75 mbali zonse, zomwe zimapereka mitengo pafupifupi 1,320 pa hekitala, kenaka n'kumapatulira ndi kusadza nthambi za m'munsi m'kupita kwa zaka kuti otsalawo anenepe ndi kupereka matabwa opanda mfundo zambiri. Mtengo wofika pochekedwa matabwa abwino umafuna zaka 25 kapena kuposerapo, ngakhale kuti mitengo yopatuliridwa imayamba kupereka mapolo ndi nkhuni kale zakazo zisanakwane. Choncho makolo amene akuti ena sadzawaona matabwawo sakunama, ndipo komiti isawatsutse pa mfundo imeneyo.

Tsopano moto. Patula ali ndi khungwa lopyapyala, makamaka akali wamng'ono, ndipo masamba ake ouma amaunjikana pansi n'kukhala ngati mphasa yonona ndi utomoni, yomwe imayaka mofulumira kwambiri m'miyezi ya September ndi October. Moto umodzi ukhoza kupha munda wonse wa zaka zisanu m'masana amodzi, ndipo chowawa kwambiri n'chakuti patula saphukira pachitsa monga amachitira bulugamu kapena mitengo yathu yachilengedwe ngati msuku ndi mombo. Akafa wafa, ndipo mumayambiranso ku nazale. N'zoona kuti zipatso zake zolimba zija zimatha kukhala zotseka pamtengo kwa nthawi yaitali n'kudzatseguka zikamva kutentha, kotero kuti pamene panapsa paini wamkulu pamamera tiana tambirimbiri, koma zimenezi zimathandiza mtengo wobereka kale, osati wa zaka zitatu umene sunayambe n'komwe kukhala ndi mbewu zokhwima.

Kapuku yekha, moto sumuvutitsa chimodzimodzi. Ali ndi una wothawiramo, ndipo ngakhale ambiri aphedwe pa lupsa ndi agalu, akabawi ndi anyamata, otsala ochepa amakwanira kudzazanso malowo mvula ikagwa. Ndiye mukamayerekeza, musafunse kuti chofunika kwambiri n'chiti pakati pa ziwirizi, koma mufunse kuti moto umodzi umatayitsa aliyense nthawi yochuluka bwanji: kapuku amataya miyezi, paini amataya zaka zonse zimene wakhala m'nthaka. Mdani wa paini wanu si mbewa kapena mnyamata wokumba mbewa, koma machesi ali m'thumba mwake.

Mayi a ku Jali:

Zikomo bambo a zankhalango chifukwa cha kufotokoza kwanu, koma ndikupempha kuti mbewa nayo ipatsidwe ulemu wake pa zokambiranazi, chifukwa anthu ophunzira akamakamba za mitengo amakonda kuiona mbewa ngati chinthu chamasewera a ana. Kwathu kuno kuchigwa cha nyanja ya Chilwa, banja limene lilibe mbuzi kapena ndalama yogulira matemba limadalira mbewa kuti ana alaweko nyama m'chilimwe. Mnyamata akabwera nazo amazichotsa matumbo, amaziwiritsa ndi mchere, n'kuziwamba pamoto mpaka ziume, ndipo zotsala amazipana pampani n'kukaima nazo m'mbali mwa msewu. Ndalama yake ndi yochepa, koma imagula sopo ndi makope sabata yomweyo. Paini sangachite zimenezo, ndipo mayi amene akufunsa kuti ana ake adya chiyani mwezi uno sangayankhidwe ndi matabwa a zaka 25.

Komabe sindikuikira kumbuyo moto. Amene anaphunzira kusaka mbewa kwa akuluakulu amadziwa kuti mlenje weniweni amayenda ndi khasu, amayang'ana dothi latsopano pakhomo pa una, amatseka mabowo othawira, kenaka n'kukumba motsatira njira mpaka kufika pa chisa, ndipo ena amatchera madiwa ndi misampha madzulo n'kukaonja m'mawa. Kutentha tchire lonse ndi njira ya waulesi amene akufuna kuti mauna aonekere msanga, ndipo imatha udzu wofolerera nyumba umene ife amayi timaufuna mwezi wotsatira. Pa mfundo iyi amayi a m'mudzi mwanu ali mbali yanu, bambo mlembi, ngakhale amene sakufuna paini.

Ndiwonjezere kuti kapuku si bwenzi la mlimi ayi. Ndi yemweyo amene amafukula chimanga tikangodzala, kutsata mzere phando ndi phando usiku umodzi, mpaka munthu kubwerezanso kudzala, ndipo kumadimba a mpunga amadula mapesi. Mnyamata wokumba mbewa m'munda mwanga amandithandiza, bola asagumule mizere yonse. Chimene ndimaopa ndi tameki ndi mankhwala ena amene anthu amathira pofuna kupha mbewa, chifukwa mbewa yofa ndi poizoni ikhoza kutoledwa ndi mwana, galu kapena kadzidzi. Mukumbukirenso kuti muno mu Zomba si onse amadya mbewa: abale athu Achisilamu ndi a mpingo wa Seventh-day Adventist saigwira n'komwe, choncho pamsonkhano wanu padzakhala anthu amene kwa iwo kapuku ndi chilombo chowononga mbewu basi, ndipo mawu awo adzasiyana ndi a makolo a anyamatawo.

Mphunzitsi wa sayansi, ku Chinamwali:

Ndikufuna kuika manambala pa zimene akuluakulu awiriwa anena, kenaka ndidzutse nkhani imodzi imene sinakhudzidwe. Kapuku, amene akatswiri amamutcha Mastomys natalensis, ndi imodzi mwa mbewa zofala kwambiri kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Wamkazi amakhala ndi mawere ochuluka kuposa mbewa zina, mpaka 24, amatenga bere kwa masiku pafupifupi 23, ndipo kawirikawiri amaswa ana 10 mpaka 12 nthawi imodzi, nthawi zina kuposerapo ndithu. Atangoswa amatha kutenganso bere, ndipo ana ake amayamba kubereka ali ndi miyezi itatu kapena kucheperapo chakudya chikakhala chambiri. Kutchire, ochepa okha ndi amene amakwanitsa chaka chathunthu ali moyo. Izi zikutanthauza kuti pa nthawi imene paini mmodzi akudikira kuchekedwa, mibadwo ya akapuku yoposa 25 imakhala itabadwa ndi kutha pamalo omwewo. Ofufuza a ku Sokoine University of Agriculture ku Morogoro, m'dziko la Tanzania, akhala akutsatira mbewa imeneyi kwa zaka zambiri, ndipo anaonetsa kuti kuchuluka kwake kumatsata mvula: ikagwa yambiri msanga, kubereka kumayamba msanga, ndipo chaka chimenecho minda imavutika.

Chodabwitsa n'chakuti pa kuchulukitsa mbewu, ziwirizi zimatsata nzeru yofanana. Mbewu ya patula ndi yaing'ono, ya kaphiko kouluka nako ndi mphepo, ndipo kilogalamu imodzi imakhala ndi mbewu pafupifupi 100,000 kapena kuposerapo. Onse awiri amabereka mochuluka podziwa kuti ambiri adzafa, ndipo onse awiri amathamangira malo amene asokonezedwa kumene, kaya ndi moto, khasu kapena nkhwangwa. Kusiyana kuli pakuti kapuku ndi mbadwa ya kuno, ndipo ali ndi adani omudziwa kuyambira kalekale, monga kadzidzi, njoka, akabawi ndi anthu, pamene paini ndi mlendo. Pa phiri la Mulanje, patula anafalikira yekha kuchoka pamene anadzalidwa mpaka kuyamba kulanda malo a udzu wachilengedwe ndi a mkungudza, mtengo wa fuko lathu, ndipo panafunika ntchito yaikulu yomudula kuti achoke. Sindikunena izi pofuna kunyoza paini, chifukwa denga la sukulu imene ndimaphunzitsa ndi madesiki ake ndi za paini, koma komiti idziwe kuti ikudzala mbewu ya malonda, monga fodya kapena chimanga, osati kubwezeretsa nkhalango ya makolo.

Pa funso loti ziwirizi zingakhale pamodzi, yankho limasintha ndi msinkhu wa mitengo. M'zaka zoyamba, dzuwa likamafika pansi ndipo udzu uli wambiri pakati pa mizere, mbewa zimakhalamo ndithu. Nthambi zikakumana pamwamba, udzu umafa, pansi pamatsala masamba ouma okhaokha, ndipo mbewa zimasowa chakudya ndi pobisala. Aliyense amene anayendapo m'paini wamkulu pafupi ndi damu la Mulunguzi anaona mmene pansi pamakhalira poyera. Akatswiri awiri, David ndi Meredith Happold, anafufuza tinyama timeneti m'minda ya paini ya misinkhu yosiyanasiyana pa phiri lathu lomweli, ndipo zimene anasindikiza mu 1987 zinaonetsa kuti minda yaing'ono yokhala ndi udzu ndi imene imasunga tinyama tambiri kuposa ya mitengo ikuluikulu. Choncho ndi chilungamo kuwauza makolowo kuti pakapita zaka zingapo, malowo adzasiya kukhala osakako mbewa. Chotonthoza n'chakuti kapuku ndi mbewa ya m'minda ndi m'tchire la kumunsi, ndipo chakudya chake chenicheni chili m'minda yoyandikana nayo ija, osati pamiyala pamene mukufuna kudzala.

Nkhani imene sinakhudzidwe ndi ya madzi. Paini amakhala wobiriwira chaka chonse ndipo amamwa madzi ngakhale m'chilimwe pamene udzu wauma. Ku South Africa anayeza zimenezi kwa zaka zambiri, kuphatikizapo ku Cathedral Peak kumene anadzala patula pamalo a udzu, ndipo anapeza kuti madzi a m'mitsinje amachepa mitengo ikamakula. N'chifukwa chake lamulo lawo la madzi la 1998 limaika minda ya mitengo yamalonda m'gulu la ntchito zochepetsa madzi m'mitsinje. Ngati pamalo panupo pali kasupe kapena kamtsinje kamene mudzi umatungapo, musiye mpata ndipo m'mbali mwake mudzalemo mitengo yachilengedwe monga mkuyu ndi mbawa.

Mlembi wa komiti, mbali ya ku Domasi:

Ndathokoza kwambiri nonse atatu. Kasupe alipo chakumunsi kwa malowo, ndipo mfundo ya aphunzitsi ndikaipereka monga mmene ilili. Chatsala chimodzi chimene sindinamve bwino, ndipo ndikubwezera kwa bambo a zankhalango: kodi mbewazo siziwononga mbande zikadzalidwa? Mmodzi wa komiti akuumirira kuti tithire mankhwala malo onse tisanadzale, ndipo pambuyo pa zimene mayi a ku Jali anena, ine ndikukayika.

Wopuma pantchito ya zankhalango, ku Matawale:

Musathire mankhwala, bambo mlembi. Mbewa zimavutitsa paini pa nthawi ziwiri. Yoyamba ndi ku nazale, kumene zimafukula ndi kudya mbewu zongofesedwa kumene, ndipo kumeneko mpanda wabwino, kulambula udzu mozungulira ndi misampha zimakwanira. Yachiwiri ndi m'munda, pamene mitundu ina ya mbewa zokhala mu udzu wowirira imakukuta khungwa m'tsinde mwa kamtengo m'nyengo yozizira chakudya chikasowa, ndipo ikazunguliza tsinde lonse kamtengoko kamauma kali chiimire. Kawirikawiri zimenezi si ntchito ya kapuku, amene amakonda njere, koma ya mbewa zodya udzu ndi timitengo tanthete. Mankhwala ake ndi khasu: mupalire mozungulira mtengo uliwonse kuti tsinde likhale poyera, chifukwa mbewa imaopa kudutsa pamtetete pamene kadzidzi angaione. Kupalira komweko kumachepetsa mphamvu ya moto ndiponso kumathandiza mbande kukula, motero ntchito imodzi ikugwira zitatu.

Za anyamatawo, maganizo anga ndi akuti muwalowetse m'ntchito m'malo mowaletsa, pakuti mnyamata woletsedwa amabwera usiku ndi moto. Njira yotchinga moto iyenera kulambulidwa kuzungulira munda wonse udzu usanaumitsitse, cha mu May kapena June, ndipo iyenera kukhala yotakata mokwanira kuti lawi lisalumphe, makamaka mbali ya kumunsi popeza moto umathamanga kwambiri pokwera phiri. Amene adzalambule njirayo apatsidwe ufulu wokumba ndi kutchera mbewa m'malire monsemo ndi m'minda ya amene avomera, ndipo amayi amwete udzu wofolerera pakati pa mizere usanafike October. Akuluakulu anati mbewa zikachuluka siziika masa, choncho ntchito yoyang'anira moto musaisiye kwa mudzi wonse. Mutchule mayina a anthu a sabata iliyonse kuyambira August mpaka mvula yoyamba.

Pomaliza, musanatenge mbande ngakhale imodzi, lembani pamaso pa amfumu ndi mlangizi wa zankhalango kuti mitengoyi mwini wake ndani, ndani adzaloleze kupatulira, ndipo ndalama za mapolo oyamba zidzagawidwa bwanji, kuphatikizapo gawo la anyamata olambula njira. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 December ndi kutha pa 15 April, koma pamalo otsetsereka a miyala ngati anuwo mayenje akumbidwe mvula isanayambe, ndipo mbande zilowe m'nthaka pofika kumapeto kwa January kuti mizu igwire chinyezi chisanathe.